Kodi Ntchito Yopanda Malipiro Ndi Yabwino?

Ku Britain kuli anthu amene amagwira ntchito osalandira ngakhale khobidi limodzi. Ena amagulitsa zovala zakale, ena amathamanga mtunda wautali kuti anzawo asonkhe ndalama, ena amalemba makalata a bungwe madzulo ataweruka ku ntchito zawo. Ndalamazo zimapita kwa anthu a kutsidya kwa nyanja amene iwo sanawaonepo. Limodzi mwa mabungwe otere ndi Ripple Africa, limene linayamba mu 2003 ndipo limathandiza anthu a ku Mwaya, m'boma la Nkhata Bay, pa maphunziro, pa za umoyo ndi pa kusunga nkhalango. Odzipereka ena amafika okha ku Mwayako.

Tsono funso nali: kodi ntchito yosalipidwa ndi chinthu chabwino? Ife tili ndi chifukwa chokayikira. Kale mawu akuti thangata ankatanthauza kuthandizana kwa anansi. Koma eni minda ikuluikulu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anawasandutsa goli, pakuti munthu ankalima mokakamizidwa kuti alipire malo amene anamangapo nyumba. Kuwawa kwa thangata ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo thangatayo anathetsedwa mu 1962.

Wathangata ndi wodzipereka onse awiri sapata ndalama. Nanga asiyana pati? Poyamba, wathangata ankapita ku munda chifukwa cha mantha, koma wodzipereka amapita chifukwa mtima wake wafuna. Kachiwiri, zokolola za wathangata zinkalowa m'nkhokwe ya wolemera, pamene thukuta la wodzipereka limapindulira wosowa. Choncho tisanayamike kapena kunyoza ntchito yaulere, tiyambe tafunsa kuti: waituma ndani, ndipo adzadya ndani?

Komabe mtima wabwino pawokha sukwanira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo angathe kubzala mbande zambiri pa sabata imodzi, koma iye atakwera ndege, adzazithirira ndani m'chilimwe? Adzaingitsa mbuzi ndani? Adzalambula ndani kuti moto wa m'tchire usazipsereze? Mtengo umene eni mudzi amautcha "wa azungu aja" sukhalitsa.

Taonani chitsanzo cha mbaula yotchedwa Changu Changu Moto, imene bungwe lija limaphunzitsa. Imamangidwa ndi njerwa ndi dothi la pakhomo pomwepo, ndipo imadya nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi mafuwa atatu. Banja likamanga mbaulayo ndi manja ake, ikang'aluka mayi amaimata yekha osadikira munthu wa kutali. Nkhuni zikamachepa pa moto, nkhwangwa imapuma ndipo zitsa za m'phiri zimaphukanso. Chimodzimodzinso malamulo oteteza nkhalango amagwira ntchito ngati awapangana ndi mafumu pamodzi ndi anthu awo.

Apa ndiye pagona yankho. Ntchito yopanda malipiro ndi yabwino ngati woigwira waisankha yekha, ndipo ngati isiya eni ake ali odziwa kuipitiriza. Wodzipereka wanzeru amakondwa tsiku limene mudzi sukumufunanso.

Inu amene mukuwerenga, ganizirani phiri la kwanu. Ngati munthu wa ku Britain alitayira madzulo ake asanalione n'komwe, inu amene mumamwa madzi ochokera m'phirimo mudzalipatsa masiku angati chaka chino?