Mlandu wa Nkhani Yopotoka Umagwera Yani?

Nkhani imene munthu amawerenga m'nyuzipepala kapena kumva pa wailesi imakhala itadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo n'chifukwa chake funso la amene ali ndi mlandu pamene nkhaniyo yapotoka silophweka monga limamvekera. Mtolankhani amakafunsa mafunso n'kulemba. Mkonzi wa nkhani, yemwe amagawa ntchito pa msonkhano wa m'mawa, amasankha zoti zitoledwe ndi zoti zisiyidwe. Wina amadula ndime kuti nkhani ikwane pa tsamba n'kuikapo mutu umene mlembiyo sanauone. Pamwamba pa onsewa pali mkonzi wamkulu ndi mwini kampani, pomwe m'chipinda china muli ogulitsa malo otsatsira malonda, amene salemba liwu ngakhale limodzi la nkhaniyo koma ndalama zimene amabweretsa ndizo zimalipira onse. Katswiri wa maphunziro a ndale Dennis Thompson, polemba mu 1980 za ogwira ntchito m'boma, anatcha zoterezi vuto la manja ambiri, kutanthauza kuti choipa chikachitika ndi anthu ochuluka, aliyense amaona mbali yake kukhala yaing'ono kwambiri moti mlandu umasowa mwini.

Chiphunzitso cha chipembedzo sichilola kuti mlandu usowe motero. Lamulo loletsa umboni wonama, m'chaputala 20 cha Eksodo, limalankhula kwa munthu payekha, ndipo chaputala 33 cha Ezekieli chimapitirira apo poika magazi a anthu pamutu pa mlonda amene waona nkhondo ikubwera koma osaliza lipenga, kusonyeza kuti kukhala chete nakonso ndi tchimo. Mu 1963, msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chomwe chinaika udindo pa onse okhudzidwa ndi ntchito yofalitsa, kuyambira olemba mpaka ogulitsa. Komabe kunena kuti onse ali ndi udindo sikuthetsa funsoli, pakuti sikufotokoza kuti wasenza katundu wolemera ndani.

Mbiri ya Malawi imathandiza kuyeza kulemerako. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, dziko linali ndi wailesi imodzi, ya MBC, ndipo nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News zinkasindikizidwa ndi kampani ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, zofalitsa za boma zinanyoza maepiskopiwo, ndipo nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Muulutsi amene anawerenga mawu onyozawo ankadziwa kuti kukana kukanamupititsa ku ndende ya Mikuyu. Akatswiri a zaumulungu, potsatira Alphonsus Liguori wa zaka za m'ma 1700, amasiyanitsa kuthandizira choipa movomereza cholinga chake ndi kuthandizira pa ntchito chabe mtima ukukana. Choyambacho n'cholakwa nthawi zonse, pomwe chachiwiricho chimayezedwa poona kukula kwa choipacho, kuyandikira kwa munthu ku choipacho, ndi chifukwa chimene chamukakamiza. Pa muyeso umenewu muulutsiyo sakhala woyera, koma mlandu wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa amene analemba mawuwo ali ndi mphamvu yosankha ena.

Gawo 36 la malamulo aakulu a 1994 linapereka ufulu wofalitsa nkhani, koma kukakamiza sikunathe, kunangosamuka kuchoka ku ndende kupita ku thumba. Mu 2010 boma linaletsa nthambi zake kutsatsa malonda m'nyuzipepala za kampani ya Nation Publications, imene Aleke Banda anayambitsa mu 1993, ndipo m'dziko limene boma ndi mmodzi mwa otsatsa aakulu, chilango chotere chimamveka kwa mkonzi aliyense, ngakhale amene sichinamugwere. Pansi penipeni pali chipondamthengo, ndalama imene okonza msonkhano amapatsa atolankhani ponena kuti ndi ya mayendedwe: pepala limazungulira, aliyense amalemba dzina lake ndi la kampani yake n'kusaina, ndipo envulopu imaperekedwa pakhomo potuluka. Anthu amafulumira kudzudzula mtolankhani wolandirayo, ndipo sakulakwa kwenikweni, chifukwa funso lowawa limavuta kutuluka pakamwa pa munthu amene akudikira envulopu. Koma mwini kampani amene amatumiza wantchito wake kutali wopanda ngakhale ya minibasi, malipiro ake atachedwa kale, amakhala atawerengera envulopuyo m'bajeti yake, ngakhale sadzaigwira ndi dzanja lake. Dzina limene limaoneka pamwamba pa nkhani kawirikawiri ndi la munthu amene anali ndi mphamvu zochepa zedi zokanira.

Makhoti anafikapo pa mfundo imeneyi. Bwalo la United Nations loweruza milandu ya ku Rwanda, lomwe linkakhala ku Arusha, mu 2003 linapeza Ferdinand Nahimana, mmodzi mwa oyambitsa wailesi ya RTLM, wolakwa pa zimene wailesiyo inachita pa kuphedwa kwa Atutsi mu 1994. Ndipo pa apilo mu 2007 chigamulo chinatsamira pa udindo wake monga mkulu amene akanatha kuletsa kapena kulanga aulutsi ake koma sanatero. Chomwecho mlandu unatsata mphamvu, osati mawu omveka pa mphepo okha.

Pamene malamulo amalephera ndi pa nkhani imene sinalembedwe n'komwe. Bodza losindikizidwa lingatsutsidwe, wonamiziridwa angasume kukhoti kapena kudandaula ku Media Council of Malawi, ndipo nyuzipepala ingapepese pa tsamba lachiwiri. Nkhani ya katangale imene inafera pa msonkhano wa m'mawa chifukwa yokhudza kampani yotsatsa malonda ilibe mlembi, ilibe wodandaula, ndipo nthawi zambiri palibe ngakhale amene analamula kuti isiyidwe, popeza mtolankhani wozolowera amadziwiratu zosayenera kubweretsa. Anthu okhawo amene angachitire umboni kuti nkhaniyo inalipo ndi amene anakhala m'chipindamo, ndipo onsewo amalandira malipiro kwa bwana mmodzi.