Wokumba manda ndiye aseke

Kodi nkoyenera kuseka pamene anzako akulira? Ku Mkoba, mumzinda wa Gweru, yankho limapezeka pamaliro. Ashona ali ndi sahwira, bwenzi la banja amene amatsanzira mayendedwe a malemu ndi kuulula timakhalidwe tawo mpaka ofedwa aseke. Achewa, amene makolo awo anadzagwira ntchito m'migodi ya Shurugwi ndi Zvishavane, ali ndi adzukulu ochita nthabwala kumanda. Palibe amene amawadzudzula, pakuti ndiwo amanyamula mtembo ndi kukumba dzenje. Ufulu wosekawo amaugula ndi thukuta.

Mlakatuli nayenso timuyese ndi muyeso womwewo. Chenjerai Hove anabadwa mu 1956 ku Mazvihwa, pafupi ndi Zvishavane, ndipo anachita maphunziro a uphunzitsi ku Gweru konkuno. Ndakatulo zake za mu Red Hills of Home (1985), ndi buku lake la Bones limene linalandira mphoto ya Noma mu 1989, zimalira anthu wamba amene nkhondo inawatafuna, ufulu nkuwaiwala. Munthu yemweyo, mu Shebeen Tales (1994), akusimba monyogodola za moyo wa mu Harare pa nthawi ya chilala ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Nthabwala zake siziwawa m'khutu chifukwa anali atayamba wasenza maliro.

Wina anganene kuti kuseka nkoopsa: kumazoloweretsa anthu mavuto, wopondereza nkumagona tulo. Nzoona, nthabwala zina zimagonetsa anthu. Koma zoterozo olamula saziopa. Hove anathawa m'dziko lake mu 2001. Ku Malawi, Jack Mapanje, mlakatuli wodziwa kuphiphiritsa, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Choncho tisangofunsa ngati kuseka nkololedwa. Tifunse kuti wosekayo waima mbali iti ya dzenje, ndipo akuseka yani.

Chomvetsa chisoni nchakuti mdzukulu sadziika yekha. Hove anamwalira pa 12 July 2015 ku Stavanger, m'dziko la Norway, kutali ndi anthu amene akanatha kutsanzira mayendedwe ake. Mtembo wake unabwerera nkukaikidwa ku Gokwe. Ntchito ya adzukulu yatsalira ife owerenga: tisenze kaye chisoni chimene iye analemba, kenaka tiseke naye.