Muzu wa Nyemba ndi Masamu a Mlengi

Mlimi wa ku Biriwiri akazula nyemba, pamizu amapezapo timibulu ting'onoting'ono. M'timibulumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatapa nayitrojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, mwakachetechete, m'dothi lozizira la m'malire a Ntcheu ndi Mozambique. Munthu luso limeneli analipeza mochedwa: Fritz Haber anapanga amoniya kuchokera ku nayitrojeni wa mumpweya mu 1909, fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Germany mu 1913, ndipo mpaka lero pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 400 kuti thumba la Urea litsike pamsewu wa M1. Momwe muzu umachitira zimenezi popanda ng'anjo, akatswiri a kemisitiri akufufuzabe, ena mwa iwo pogwiritsa ntchito masamu ndi kompyuta basi. Ine ndikuti mwana wa kuno woti atha zaka zinayi pa PhD yotere sakuchita matama, akugwira ntchito yoyenera munthu.

Opemphera ena amati kumeneku n'kusuzumira m'chipinda cha Chauta. Koma masamu amene Erwin Schrödinger analemba mu 1926, omwe ndi maziko a kafukufukuyu, sanalenge kanthu. Anangosonyeza kuti tinthu ting'onoting'ono timayenda mwa dongosolo lowerengeka. Ngati Mlengi anaika dongosolo m'muzu, n'kuikanso nzeru m'mutu mwa munthu, kuzikumanitsa ziwirizi sikungakhale mwano. Mwano ungakhale kulandira munda koma osafuna kuudziwa.

Mawu olemera kwambiri ndi a kholo limene likufunsa kuti masamuwa adzadzaza liti nkhokwe. Funsoli n'loona, ndipo yankho lake ndi lakuti si chaka chino. Komabe njira za Walter Kohn ndi John Pople, zimene zinawapatsa mphoto ya Nobel mu 1998, zinayamba ngati masamu okhaokha, lero ndizo zimathandiza kuyesa mankhwala atsopano asanawasakanize n'komwe. Chinanso, kafukufukuyu safuna labotale ya ndalama zankhaninkhani. Magetsi, intaneti ndi mphunzitsi wodziwa, ntchito yayambika. Dziko losauka lingalikwanitse phunziro lotere.

Chodetsa nkhawa n'chakuti wophunzirayo akapita kunja, mwina sabwerako. Pamenepo vuto si phunzirolo ayi, koma malo. Wochita PhD amaphunzitsanso anzake uku akufufuza, choncho mayunivesite a ku Zomba, Thyolo ndi Mzuzu akamusungira kalasi ndi nthawi yofufuzira, adzakhala ndi chobwerera.