Mawu amodzi a kochi nthawi yopuma



Okonda basketball dzina la Kareem Abdul-Jabbar amalidziwa chifukwa cha mapointi 38,387 omwe adapeza mu NBA, omwe palibe adawaposa mpaka LeBron James mu 2023. Koma lero ndikufuna tikambe za iye akadali Lew Alcindor, mnyamata wa pa sekondale ya Power Memorial ku New York, asadalowe Chisilamu n'kusintha dzina. Kochi wake pasukulupo anali Jack Donohue.

Donohue sanali kochi wamasewera ayi. Timu yake idapambana magemu 71 motsatizana, ndipo Lew, amene poyamba anali wamtali chabe koma womangika thupi, adasanduka katswiri m'manja mwake. Mnyamatayo ankamudalira ngati bambo.

Ndiye tsiku lina timu idasewera mofooka hafu yoyamba. Nthawi yopuma Donohue, yemwe anali mzungu, adamuloza Lew pamaso pa anzake n'kumutchula dzina lonyoza lija lomwe azungu a ku America ankatukwanira anthu akuda. Lew adabwerera m'bwalo mtima uli chithupsa, ndipo timu idapambana. Malinga ndi momwe Kareem adafotokozera pambuyo pake, gemu itatha kochiyo anali wokondwa kuti njira yake yagwira ntchito: ankangofuna kumudzidzimutsa kuti asewere mwamphamvu.

Funso langa lili apa. Ngati mawuwo adabweretsa chipambano, kodi anali olakwika?

Ena anena kuti aaa, mwana safuna kumunyengerera, kochi ndi wokalipa basi. Ine sindikukana kukalipa. Kochi amene amangoombera m'manja ngakhale mwana akuchita ulesi akumupha mwanayo pang'onopang'ono. Wina akakuuza kuti "sukuthamanga, wabwera mochedwa, lero ukhala pabenchi," akukamba za zochita zako, ndipo mawa ukhoza kuzikonza. Koma Donohue sadadzudzule kaseweredwe. Adakhudza khungu, chinthu choti Lew sangakachisinthe ku maphunziro a mawa lake. Ndipo kumbukirani kuti izi zinkachitika m'zaka za m'ma 1960, anthu akuda ku America akumenyedwa m'misewu pofuna ufulu wovota. Mnyamata wosakwana zaka 18 adamva dzina limenelo kuchokera kwa mzungu amene ankamuyesa wosiyana ndi enawo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti kochi ali ndi mpata womwe ngakhale mphunzitsi wa m'kalasi alibe. Amakuona utatopa, ukulira, utaluza. Ndiye amasankha amene asewere ndi amene akhale pansi. Mwana amamutsegulira mtima wonse, n'chifukwa chake mawu ake amalowa mpaka mkati. Wodutsa mumsewu akakutukwana, pofika madzulo waiwala. Uyu ayi. Paja timati mawu a akulu akoma akagonera, eti? Alipo ena akagonera amasasa, ndipo a Donohue adasasa zaka zambiri.

Komanso tisanamizane, timu imeneyi ikanatha kupambana popanda kutukwana kuja. Inali ndi mnyamata wotalika kuposa mamita awiri amene sukulu zina zonse zinkamuopa. Chipambano chimabisa zambiri. Chimapangitsa wamkulu kuganiza kuti chilichonse chomwe adachita tsiku limenelo ndicho chidathandiza, pomwe china mwana adangochipirira.

Mu 1965 Donohue adapita kukakhala kochi ku koleji ya Holy Cross. Lew sadamutsatire. Adasankha UCLA ku Los Angeles, tsidya lina la dzikolo, komwe adakumana ndi John Wooden, kochi amene tsiku loyamba ankaphunzitsa anyamata akuluakulu kuvala masokosi bwino kuti asatuluke matuza. Wooden sankatukwana, koma sankasekerera ulesi, ndipo ali naye Lew adatenga chikho cha makoleji zaka zitatu zotsatizana, 1967 mpaka 1969.

Sindikufuna kumupanga Donohue chilombo. Adakakhala kochi wa timu ya dziko la Canada zaka zoposa 15, ndipo kumeneko amamukumbukira mwaulemu. Luso lomwe Kareem adapita nalo ku UCLA lina adalitenga kwa iyeyu. Munthu mmodzi yemweyo adamumanga, yemweyonso adamuvulaza, ndipo Kareem adayenda nazo zonse ziwiri. Enafe pano tikuphunzitsa ana mpira kapena netball madzulo, tili m'malo omwewo a Donohue, kaya tikudziwa kaya ayi.

Awiriwa adadzayanjana ali akuluakulu, Wooden ndiye adathandiza kuti alankhulane. Donohue adapepesa, Kareem adakhululuka. Donohue adamwalira mu 2003. Mu 2017, ali ndi zaka 70, Kareem adatulutsa buku lonena za ubwenzi wake ndi Wooden, ndipo nkhani ya nthawi yopuma ija ilimo.