Kodi Munthu Asenze Chimo la Mtundu Wace?

Mwezi uno tifuna kulingalira pamodzi za mlandu umene utibvuta kawiri kawiri m'midzi mwathu. Mlanduwo ndi uwu: munthu akacokera ku banja kapena ku mtundu umene unaticitira coipa, kodi tiyenera kumlandira, kapena timkankhire kutali? Kuti tiuone bwino, titenge citsanzo ca munthu wina wa mpira wa miyendo, wochinga pa golo, amene anyamata athu amucha goloboyi.

Dzina lace ndiye Bert Trautmann, Mjeremani wobadwira ku Bremen m'caka ca 1923. Ali mwana analowa m'gulu la anyamata a Hitler, ndipo mu 1941 anadzipereka yekha ku usilikari, namenya nkhondo ku Russia ndi ku France. Mu 1945 Angerezi anamgwira, namuika m'ndende ya asilikari ku Lancashire, ndipo kumeneko anazolowera kuchinga pa golo. Pomasulidwa mu 1948 anakana kubwerera kwao, nasewera m'gulu laling'ono la St Helens Town. Mbiri ya manja ace inabuka, kotero kuti mu October 1949 gulu lalikuru la Manchester City linamlemba nchito.

Pamenepo mudzi wa Manchester unatekeseka. Anthu zikwi zikwi anakwiya, ena nalemba makalata otonza, ena nati sadzapondanso pa bwalo la mpira. Tisafulumire kuwatsutsa anthuwa. Nkhondo inali itatha zaka 4 zokha, mudzi wao unaponyedwa mabomba, ndipo munali Ayuda ambiri, amene abale ao pafupifupi 6,000,000 anaphedwa ndi boma la Hitler.

Koma anauka mphunzitsi wamkuru wa Ayuda a m'mudzimo, Alexander Altmann. Iyeyu anathawa ku Germany mu 1938, ndipo atate wace ndi amace anafera ku Auschwitz. Analemba kalata m'nyuzi kupempha anthu kuti asalange munthu mmodzi cifukwa ca zoipa za mtundu wace, koma amweruze monga mwa nchito zace za iye mwini. Mau awa anathandiza kuziziritsa mitima.

Trautmann anatumikira Manchester City zaka 15, nasewera masewera 545. Pa 5 May 1956, polimbirana cikho cacikuru ndi Birmingham City ku Wembley, anagundana ndi Peter Murphy nathyoka pfupa la m'khosi, kutatsala mphindi 17. Anapirira kufikira cimariziro, ndipo gulu lace linapambana 3 kwa 1. Kuthyokako kunadziwika atapita masiku atatu. Atacoka ku City mu 1964 anasewera pang'ono ku Wellington Town, nayang'anira Stockport County, naphunzitsanso mpira ku Burma, ku Tanzania, ku Liberia ndi ku Pakistan. Mu 2004 analandira ulemu wa Mfumukazi cifukwa ca kuyanjanitsa Angerezi ndi Ajeremani. Anamwalira mu 2013.

Tsopano tipenyetse cimene cinayamba ndi cimene cinatsata. Ambiri ayesa kuti munthuyu anagula cikondi ca Angerezi ndi khosi lace lothyoka. Koma kalata ya Altmann inalembedwa mu 1949, ndipo khosi linathyoka mu 1956. Cifundo ndico cinatsogola, ndipo kukhulupirika kunadza pambuyo. Akadamtsekera pa khomo, zaka 15 zija sizikadaoneka konse. Cotero ife tikamati, ayambe aonetsa kuti wasintha ndipo tidzamlandira, tiri kufuna kukolola m'munda umene sitinamlole kulimamo.

Wina adzati, Nanga akulu sanati nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru? Kodi mlandu wa munthu sugwera abale ace? Inde, pa bwalo la mfumu abale athandiza kulipa, ndipo ncoyenera, pakuti wolakwiridwa asatsale manja ali m'khosi. Ngakhale dziko la West Germany linabvomera mu 1952 kulipa kwa Ayuda. Koma kulipa kuli ndi malire, pamene udani ulibe malire, ndipo upitirira kwa ana ndi adzukulu amene sanaone kanthu. Akulu omwewo anatinso coipa citsata mwini. Mneneri Ezekieli, pa mutu 18, aphunzitsa comweco, kuti Mulungu aweruza yense pa zocita zace.

Wina adzatinso, Koma munthuyu sanali wosalakwa, pakuti anabvala yekha zobvala za nkhondo ya Hitler. Ncoona, ndipo sitibisa. Kumlandira munthu sikunena kuti coipa cinali cacing'ono. Saulo wa ku Tariso anazunza Eklesia ndi manja ace, ndipo pofika ku Yerusalemu ophunzira anamuopa. Barnaba ndiye anamtenga, namuimira pamaso pa atumwi. Barnaba anadziika yekha pa ngozi, pakuti cifundo cotere cikhoza kunyengedwa. Koma mpingo umene uopa ngozi imeneyi sudzakhala naye Paulo.

Wolandiridwayo alinso ndi mangawa ace. Asayende modzikuza monga ngati palibe cinacitika, koma apirire zitonzo za masiku oyamba, nagwire nchito yace mokhulupirika caka ndi caka, monga anacita goloboyi uja.

Abale, m'mipingo mwathu muli mwana wa munthu amene anaba mbuzi zathu, muli mdzukulu wa nkhalamba imene inanamiziridwa ufiti, muli mbale wodulidwa amene wabwerera m'kalasi kudzalapa. Anthu otere akhala pa mpando wa kumbuyo, ndipo potuluka palibe wakuwapatsa moni. Ku Manchester amene anauka nalankhula anali munthu amene anataya atate ndi amai. Momwemonso kwa ife, mau amene mudzi udzamvera ndiwo a iye amene anapwetekedwa koposa. Ngati ndinu ameneyo, musayembekeze kuti abusa kapena akulu a mpingo ayambe. Sabata likudzali mutambasule dzanja lanu, ndipo Ambuye akupatseni mphamvu.