Chiyambi Chanu ndi Chotani?

Werengani: Genesis 1:1, Yohane 1:1-4, Chivumbulutso 2:1-5



Ana athu akaweruka kusukulu amatiuza kuti mawu achingerezi akuti "start" ali ndi anzake, "begin" ndi "commence", ndipo onsewa atanthauza kuyamba. Ngakhale ife amene sitinapite patali ndi sukulu timawadziwa mawu oyambawo, pakuti timawamva kuchigayo pamene injini ikukana kulira. Koma injini yolira bwino m'mawa, dizilo akatha imazima, ife n'kubwerera kunyumba chimanga chili pamutu.

Chinenero chathu chili ndi mawu enanso. Pali maziko, amene saonekanso nyumba ikatha, koma ndiwo asenza khoma. Pali gwero, pamene madzi atumphuka pansi. Gwero siliyamba kamodzi n'kuleka ayi. Limayamba tsiku ndi tsiku, ndipo likauma mtsinje wonse umauma.

Mpingo wathu unabadwira pa Magwero, kufupi ndi Chipata, m'chaka cha 1899. Taonani dzinalo! Pomwepo mu 1905 anayamba kuphunzitsa akhungu, anthu amene dziko silinkawawerengera. Amene anayamba ntchitoyo anapita kale, koma madzi akuyendabe, chifukwa gwero silinali iwo. Genesis ndi Yohane onse atsegula mabuku awo pa chiyambi, ndipo pamenepo sitipezapo munthu. Tipezapo Mulungu ndi Mawu ake, ndiye Yesu Khristu, mwa Iye muli moyo.

Nanga inu mayi, chiyambi chanu ndi chotani? Kumbukirani tsiku lija munavala yunifomu ya Chigwirizano. Munalonjeza pamaso pa mpingo, anzanu akululutira. Miyezi yoyamba simunkajomba, odwala munkawayendera, pamaliro munkagona. Lero bulauzi ili m'sutikesi, imatuluka pa msonkhano waukulu pokha.

Mpingo wa ku Efeso unali wolimbika ndi wopirira, ndipo Ambuye anauyamikira. Koma anaudzudzula chifukwa chikondi chake choyamba chinazirala, nauchenjeza kuti ukapanda kulapa adzachotsa choikapo nyali chake pamalo pake. Ntchito inalipo, koma gwero linali litakwiririka. Ambiri a ife sitinakane Yesu, tangolola zinyalala kugwera pakasupe: kakusamvana ndi mnzathu wa mu komiti, nkhongole, kutopa.

Kasupe akakwiririka sitikumba wina, timafukula yemweyo. Sabata ino tsegulani Baibulo musanakoleze moto. Ndipo mlongo uja amene mpando wake wakhala wopanda munthu chikololere chimanga, musatume uthenga. Pitani nokha mukamuone.