Kodi Ngongole Ibadwa ndi Kalata Kapena ndi Thukuta?

M'chigawo cha New South Wales, m'dziko la Australia, muli lamulo la m'chaka cha 1999 limene lilola mmisiri womanga nyumba, milatho kapena misewu kuitanitsa malipiro a gawo limene watsiriza, ntchito yonse isanathe. Ndipo mwini ntchito, akalandira kalata yoitanitsayo, apatsidwa masiku 10 a ntchito kuti anene ndalama zimene avomereza ndi chifukwa chimene akanira zotsalazo, pakuti akakhala duu, zonse zolembedwazo zisanduka ngongole yake. Ku Britain lamulo la mtundu womwewu linakhazikitsidwa mu 1996, potsata malangizo amene Sir Michael Latham anapereka mu 1994. Cholinga chake nchachifundo, popeza mmisiri wamng'ono, amene wagula simenti ndi njerwa pangongole, nalonjeza anyamata ake malipiro a pamwezi, sangathe kudikira zaka kuti bwalo limuweruzire.

Koma popeza masiku ayamba kuwerengedwa kalata itafika, milandu yambiri yaleka kufunsa ngati khoma linamangidwa bwino, niyamba kufunsa kuti kalatayo inafika liti, inadzera njira yanji, ndipo anailandira ndani. Mu 2014 bwalo lalikulu la Queensland, chigawo china cha Australia, pa mlandu wa kampani ya Basetec, linagamula kuti kutumiza uthenga wosonyeza kuti zikalata zili mu Dropbox, mosungira zikalata pa intaneti, sikunali kupereka zikalatazo, kotero chigamulo cha malipiro chimene kampaniyo inali itapambana poyamba chinafafanizidwa.

Munthu woopa Mulungu akamva zotere, mtima umuwawa, pakuti Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko ndi la Deuteronomo, chiletsa kugoneka malipiro a waganyu kufikira m'mawa, ndipo Yakobo achenjeza eni minda kuti mphotho yobisidwa ili ndi mawu ofika kumwamba. Komatu tisafulumire kunyoza oweruza, chifukwa Malembo omwewo atikumbutsa, mwa funso la Nikodemo kwa Afarisi anzake, kuti munthu satsutsidwa asanamvedwe. Lamulo limene lilanga kukhala chete liyenera kutsimikiza kuti wokhala cheteyo anaitanidwadi. Likapanda kutero, chida chotetezera wofooka chigwa m'manja mwa wochenjera, amene aponya kalata pamene adziwa kuti palibe adzaiona msanga. Mwambo wa kaperekedwe ka kalata, tsono, uli mlonda wa chilungamo, ndipo mmisiri wanzeru ausunga mosamala monga asunga muyeso wa maziko.

Chimene ndikana ndi mtima wonse ndicho maganizo akuti kalata ikaphonya njira, ngongole nayo yafa. Ngongole inabadwa tsiku limene munthu anasenza njerwa dzuwa lili paliwombo. Kalata ingoiuza bwalo zimene chikumbumtima cha mwini nyumba chidziwa kale. Makolo anati mlandu suola, ndipo mwini nyumba amene agona pansi pa denga losalipiridwa, nakondwera kuti loya wake wapeza tsiku lolakwika, wamasuka pamaso pa woweruza wa pansi pano yekha. Bwalo lichite zake poyesa masiku ndi njira. Koma iye amene adziwa kuti ntchito inagwiridwa, alipire gawo limene sakana, osadikira kuti kalata yachiwiri imukakamize.